Mpando wa Anzathu a Kutsidya

Amuna anga anagwira ntchito zaka zambiri pamalo amene ine ndinkalephera kuwafotokoza kwa anthu. Kuno ku Chongwe mkazi akati mwamuna wake ndi mphunzitsi, wapolisi kapena woyendetsa minibasi, nkhani yatha. Koma ine akandifunsa pamsika nkhani inkatalika. Ndinkati ali ku Lusaka, kubungwe lofufuza za ubale wa dziko lathu ndi maiko ena. Amayi ogulitsa repu ankafunsa ngati ndi akazembe. Ayi. Nanga ndi a boma? Ayi, koma boma limawafunsa nzeru. Tsiku lina mayi wina anawomba m'manja nati, "Ooh, ni aja alipilidwa kuganiza chabe?" Ndinapsa mtima, koma pobwerera kunyumba ndinaona kuti mayiyo sanaphonye kwenikweni.

Ndikukumbuka zimenezi chifukwa cha mpando umodzi umene unachokera kubungweko, ndiponso chifukwa cha mwana wathu wotsiriza, wamkazi, amene tinatsala pang'ono kumutaya ali moyo.

Bungwelo linayambitsidwa ndi akuluakulu ochepa amene anali atabwerako ku ukazembe kunja, pamodzi ndi aphunzitsi ena a ku yunivesite. Anachita lendi nyumba yakale yokhala ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Maganizo awo anali akuti dziko lathu lilibe doko lakelake, ndipo anansi atizinga mbali zonse. Feteleza, mafuta, mankhwala, zonse zimadzera pakhomo pa eni. Mnansi mmodzi akakwiya n'kutseka chipata, mlimi wa ku Nkomeshya amabzala chimanga chopanda feteleza osadziwa kuti walakwira yani. Ndiye pankafunika anthu ena, osakhala andale, oti azikhala pansi, kuwerenga, kufunsa ndi kuchenjeza zinthu zisanafike poipa. Mkulu wawo, kazembe wopuma wa imvi mbuu, ankati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma yamba wadziwa chimene chimaziyatsa.

Amuna anga nthawi imeneyo ankaphunzitsa mbiri yakale kusekondale, ine nditangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi kukoleji ya Chalimbana, konkuno ku Chongwe. Pamsonkhano wina anafunsa funso limene linamusowetsa mtendere mkulu uja, ndipo m'malo mokwiya anawaitana kuti akagwire naye ntchito. Ine ndinakana kusamukira ku Lusaka. Tinali titapeza kale kamunda kathu pafupi ndi koleji, ndinali nditabzala nthochi, ndiye ndikasiyire yani? Motero iwo ankalawirira minibasi m'mawa n'kubwera madzulo, chikwama chodzaza manyuzipepala a maiko a eni.

Ntchito yawo yeniyeni inali kulemba timapepala tatifupi topita kwa nduna ndi akuluakulu a boma, tonena kuti kwakuti zinthu zikupendekera uku, ife tichite zakuti. Iwo sankagamula kanthu. Ankangolangiza, ndipo wolangizidwayo akafuna ankatsekera kapepalako m'kabati. Koma nthawi zina tikumvera wailesi tinkamva nduna ikulankhula, amuna anga n'kukweza chala kuti ndikhale chete, chifukwa mawu amenewo anali awo, mpaka popumira pomwe. Ine ndinkafunsa kuti nanga dzina lanu lili kuti? Iwo ankangoseka, amvekere mawu akafika kumene amapita, mwiniwake safunika. Ine zimenezo zinkandinyong'onya, sindibisa. Panalinso misonkhano ina yachete, pamene anthu a maboma awiri osamwerana madzi ankakumana pansi pa mtengo wa mapeyala ngati angobwera kudzamwa tiyi. Lamulo lake linali lakuti zokambidwa pamenepo ukhoza kuzitenga, koma osatchula amene wanena. Mpaka lero amuna anga sanandiuzepo kuti ankabwera ndani, ngakhale ndinayesa kuwanyengerera ndi nkhuku yachikuda.

Koma chimene ankanyadira koposa chinali mpando. M'chipinda chokambirana munali tebulo lalitali, ndipo kumapeto kwake kunali mpando wa matabwa a mtengo wa mukwa, wopanda mwini, wokhala ndi poika manja. Ankautcha mpando wa anzathu a kutsidya. Mkulu uja anaika lamulo lakuti pepala lililonse lonena za dziko lina lisatuluke m'nyumbamo mpaka mmodzi wa iwo atakhala pampandopo n'kulankhula ngati iye ndiye dziko limenelo. Sankaloledwa kunena kuti iwo aja amaganiza zakuti. Ankayenera kunena kuti ife. Ndipo osachita ngati sewero loseketsa anthu. Wina akalankhula mofooka kuti anzake amugonjetse msanga, mkuluyo ankamudzutsa n'kukhazikapo wina. Ankati munthu amene palibe saweruzidwa popanda womulankhulira, ndipo wokhala pampandopo sanyamuka mpaka nkhani itatha.

Ndinaziona ndi maso anga kamodzi kokha. Ndinapita ku Lusaka kukagula mabuku a sukulu, ndipo ndinadzera kuntchito kwawo kuti tibwerere limodzi. Anandikhazika pakhonde, zenera lili lotsegula. Ndinangomva mawu a amuna anga, mawu omwewa amene amandipempha madzi osamba, akunena mwaukali kuti, inu a Zambia, malole anu olemera akutithera misewu, ana athu akugundidwa m'midzi ya m'mbali mwa msewu, ndiye mukudabwa chiyani tikamachedwetsa katundu wanu pachipata? Magazi anandiwira. Ndinatsala pang'ono kusuzumira pazenera kuti ndiwafunse kuti kodi mchombo wawo unagwera kuti. Potuluka anali thukuta lokhalokha, ndipo tinakwera minibasi yobwerera kwathu. Titadutsa mlatho ndi pamene anandiuza kuti pepala limene anali atalemba mwezi wathunthu aling'amba, chifukwa atakhala pampando paja aona kuti linali lodzikonda.

Zaka zinapita, maboma anasintha. Ena ankati bungwelo ndi lotsutsa, ena ankati ndi pakamwa pa boma, ndipo amuna anga ankati bola onse akudandaula. Mkulu uja anamwalira. Kunabwera mabungwe akunja othandiza, aliyense ndi mutu wake umene ankafuna kuti ufufuzidwe. Kunabweranso achinyamata ophunzira bwino, ochenjera ndithu, sindingawanyoze, amene ankalemba msanga pamakompyuta ndi kuonekera pa kanema madzulo alionse. Iwo mpando uja ankauona ngati wochedwetsa ntchito. Anayamba kuikapo majekete. Pamene bungwe linasamukira kumaofesi apamwamba okhala ndi mipando yozungulira, wa mukwa uja anauika pagulu la zotaya. Chaka chomwecho amuna anga ankapuma pantchito. Anangounyamula mpandowo, n'kuulipirira malo ake m'minibasi ngati munthu, kondakitala akuseka njira yonse. Ndinawaona akutsika pamsewu waukulu ataunyamula pamutu, bambo wa digiri, ndipo ndinawafunsa ngati penshoni yake ndi imeneyi. Tinauika pakona m'chipinda chochezera, ndipo ana ankadziwa kuti pamenepo sakhalapo munthu.

Tsopano mwana uja. Iye ankagulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto m'sitolo ina paboma. Pampu ya chitsime chathu itawonongeka, ndiye anatibweretsera mnyamata wina wokonza mapampu ndi zigayo. Anali munthu wamkulu kale, wodekha, wolankhula Chinyanja chabwino koma chopindika pang'ono kumapeto. Makolo ake anathawa nkhondo ku Congo iye ali pamsana, ndipo onse awiri anamwalirira kumsasa wa othawa kwawo. Analibe mbale aliyense wodziwika. Amuna anga anamukonda pomwepo. Ankamukhazika pakhonde, kumufunsa za kwawo, kumuonetsa kuti nawonso amadziwa moni wa Chiswahili, ndipo pampu ija inakonzedwa kangapo konse ngakhale inali itasiya kale kuvuta. Ine ndinaona kale kumene zinkalowera, chifukwa mwana wanga akamva njinga yamoto ya mnyamatayo pachipata ankasintha chitenje. Bambo wofufuza za maiko sanaone kanthu m'nyumba mwake momwe.

Mwanayo atatiuza kuti akufuna kukwatiwa naye, amuna anga anakana. Sanakalipe, iwo sakalipa, ndipo n'chimene chimandipweteka nawo. Ndinawakumbutsa kuti ndi iwo omwe ankapita kuwailesi kukanena kuti othawa nkhondo alandiridwe, apatsidwe mpata wogwira ntchito, ana awo aphunzire ndi athu. Ndinati kuwailesi mlendo ndi m'bale, koma pakhomo pano ayi? Anandiyankha mofatsa kuti mnyamatayo alibe naye chifukwa. "Amai ake, ukwati ni wa mabanja awiri. Pakavuta tizaitana ndani? Mwana wanga akazamenyedwa, nizakamba na ndani? Kukagwa maliro, uthenga uzapita kumudzi uti?"

Mafunso amenewo sanali opusa. Kwathu kum'mawa kumene makolo athu anachokera, ukwati umaima pa ankhoswe. Banja likagwedezeka, a kuchikazi amaitana a kuchimuna, akuluakulu n'kukhala pansi. Mwamuna wopanda womudzudzula ndi woopsa ngakhale akhale wofatsa bwanji. Nanenso usiku wina ndi wina ndinkaziganizira zimenezo.

Miyezi inapita nkhani ili pomwepo. Tsiku lina tikutong'ola chimanga pabwalo, mwana uja anandiuza osandiyang'ana kuti iye sadzakangana ndi atate ake. Adzangopita kukhonsolo ndi mboni ziwiri, akasaine, ndipo pakhomo pano sadzapondanso, kuti atate ake asamavutike kumuona. Ndimamudziwa mwana ameneyu. Mtima wake ndi wanga, koma kusabwerera m'mbuyo anatengera atate ake. Ndinachita mantha enieni.

Ndinatumiza uthenga kwa alongo anga, amalume ake a mwanayu, amene amalima ku Nkomeshya. Mwa mwambo wathu iwo ndiwo eni mbumba, ndipo ndiwo amalankhula pankhani ya ukwati, bambo wobereka amangokhala chete n'kumamvera. Alongo anga anati iwo sangakakamize mlamu wawo, koma mnyamatayo abwere ndi munthu wamkulu womulankhulira, amve kaye. Mnyamatayo anapempha mkulu wina wa mpingo wake, ndipo anavomera. Tinapangana Loweruka m'mawa.

Tsikulo tinatulutsa mipando kuika pansi pa mtengo wa mango. Mbali imodzi kunakhala alongo anga, amuna anga ndi abale ena awiri, ine ndi amayi anzanga tili pamphasa. Mbali inayo tinaikako kampando ka mnyamatayo, koma panafunikanso mpando wa womulankhulira. Mipando inatithera, ndiye ndinalowa m'nyumba n'kutenga wa mukwa uja. Anthu mpaka lero amati ndinachita dala. Ine ndimati mipando inatha, ndipo amene akutsutsa abwere adzawerenge.

Mnyamatayo anafika yekha, atavala malaya oyera ositidwa bwino. Anagwada n'kunena kuti mkulu wa mpingo uja waitanidwa kumaliro m'mawa womwewo ndipo sanapeze wina. Alongo anga anapukusa mutu. Iwo si munthu wankhanza, koma mwambo amaudziwa. Anafotokoza kuti mwamuna sadzifunsirira yekha mbeta pamaso pa akuluakulu, chifukwa mawa akadzalakwa sangadziitane yekha kudzadzidzudzula. Anayang'ana mpando wopanda munthu uja nati, "Manje ine nikambe na ndani?"

Mnyamatayo anaweramitsa mutu n'kuyamba kufunafuna chisoti chake pansi kuti azipita. Mwana wanga anali m'khitchini, ndipo ndinamva mbale zimene ankatsuka zitasiya kulira. Ndinadziwa kuti mnyamatayo akatuluka pachipata, mwana wanga atuluka Lolemba kupita kukhonsolo.

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo sankayang'ana mnyamatayo kapena ine. Maso awo anali pampando uja. Munthu amene anakhala moyo wake wonse pansi pa lamulo lakuti wosowa womulankhulira saweruzidwa, tsopano ankaona zikuchitika pabwalo pake, mpando womwewo uli pomwepo. Anagwira ndodo yawo, chifukwa bondo linali litayamba kale kuwavuta, anaimirira, n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa bwalo. Alongo anga anati alamu, mukupita kuti? Amuna anga anangopitirira. Anakhala pampando paja n'kuika manja poika manja pake.

Poyamba anaweramira kwa mnyamatayo n'kumufunsa motsitsa mawu. Ndinamva pang'ono chabe: atate ake ankagwira ntchito yanji, amayi ake anamwalira iye ali wamkulu bwanji, manda awo akuwadziwa kapena ayi. Mnyamatayo ankayankha chimodzichimodzi. Kenaka amuna anga anawongoka, ndipo mawu amene anatuluka anali aja ndinawamva pazenera ku Lusaka kalekale.

"Ife tinabwera muno mu dziko lanu na mwana uyu pamsana. Mudzi tinali nawo, na mbuzi, na manda a makolo. Sitinausiye chifukwa cha ulesi. Tinamuphunzitsa ulemu pamene tinali na moyo, zina anaziphunzira yekha. Imwe mufunsa kuti pakavuta muzaitana ndani. Na ife tifunsa: mwana wathu akazadwala mu nyumba ya mwana wanu, kapena mukazamulakwira imwe, popeza ndimwe ambiri ndipo iye ali yekha, azalira kwa ndani?"

Analankhula nthawi yaitali ndithu, ndipo zina ankaziloza kumpando wawo womwe umene anausiya, ngati pali munthu wouma mutu amene akufunika kumva. Sanabise zovuta. Anati n'zoona kuti kulibe mudzi wotumizako uthenga, n'zoona kuti adzukulu sadzakhala ndi kwa atate awo kopita patchuthi. Koma anati zimenezo ndi chisoni cha mnyamatayo, si mlandu wake. Mnyamata uja misozi inkangotsika, osaipukuta. Ine ndinaphimba kumaso ndi chitenje, chifukwa ndinali nditakonzekera kukangana tsiku limenelo, osati kulira.

Alongo anga anadikira mpaka atatha. Kenaka anakanda m'mutu n'kunena kuti mawu amveka, koma iwo sakufuna mawu okha. Nkhoswe si wa tsiku limodzi. Anafunsa ngati mlamu wawo akungolankhula monga ankachitira kuntchito, kuti akatha abwerere pampando wake, kapena ayi.

"Wokhala pano sanyamuka mpaka nkhani ithe," anatero amuna anga. "Ukwati ni nkhani yosatha. Pakavuta muziitana ine."

Alongo anga anawachenjeza kuti aganize bwino, chifukwa sangakhale mbali ziwiri. Akakhala wa kuchimuna ndiye kuti mwana wawo wobereka akadzabwera ndi dandaulo, iwo adzakhala mbali ya mwamunayo, kumudzudzula ndi kumupepesera. Amuna anga anati akudziwa. Anati mwana wawo ali ndi amalume, amayi ake, azakhali ndi mpingo wonse wa abale, sangasowe womuimira.

Madzulo ake mwana wanga anawabweretsera tiyi pakhonde, anagwada, n'kukhala pomwepo pambali pawo. Ine ndinawauza kuti zaka zonse zija ndinkadabwa kuti amalipidwa chiyani, lero ndaonako pang'ono. Anandiyankha kuti tiyi wachepa shuga.

Ndinkaganiza kuti pofika tsiku la ukwati adzafewa, koma munthu ameneyu akagwira lamulo amaligwira ngati nkhupakupa. Kutchalitchi mwana wathu anaperekedwa ndi amalume ake. Amuna anga anavala suti yawo yakale, ija ankavala pokakumana ndi nduna, n'kukakhala kumbuyo kwa mkwati. Ndinawaona akuyang'ana mwana wawo akulowa atagwira mkono wa munthu wina, ndipo anatulutsa kansalu n'kumapukuta magalasi amene anali oyera kale.

Kumadyerero tinamanga tenti pabwalo lathu lomweli. Woyendetsa mwambo anatenga chimkuzamawu nati a kuchikazi onse aimirire kuti anthu awaone. Tinaimirira tenti yonse, a ku Nkomeshya, a ku Lusaka, ena ochokera kum'mawa kwenikweni, nthungululu zili pakamwa. Titakhala pansi anati tsopano a kuchimuna aimirire. Poyamba sipanaimirire munthu. Kenaka kutsogolo, pafupi ndi mkwati, mkulu mmodzi anagwira ndodo yake n'kudzuka pang'onopang'ono pampando wa mukwa, yekhayekha, atakweza mutu.

Ndinamva wina kumbuyo kwanga akunong'ona kuti kodi amenewo si atate ake a mkwatibwi? Ndinatola chikwama changa, ndinadutsa pakati pa tenti anthu onse akuona, n'kukaima pambali pa amuna anga.